Etta Chitsulo ndi Besi ya Bridie

Etta Chitsulo anafika ku London m'chaka cha 2002 ali mayi wamkulu kale, atagwira unamwino ku Blantyre mpaka imvi kuyamba kusuzumira. Mapepala ake a unamwino anachedwa kuvomerezedwa kuno, ndiye poyembekezera analowa ntchito m'nyumba ina yosamalira okalamba ndi olumala cha ku Plumstead. Mapepalawo atatuluka sanachokenso, ankati anazolowerana nawo anthu a mmenemo. Ine ndinamupeza komweko, ndipo zinangochitika kuti tonse tinkakhala ku Thamesmead, iye m'fulati ya pamwamba moyang'anana ndi mtsinje, ine kuseri kwa masitolo. Tinkakwera basi imodzi, kudyera tebulo limodzi pa buleki, Lamlungu n'kupemphera tchalitchi chimodzi. Dzina langa ndine Fiona, ndipo zimene ndikusimba pano zambiri ndinaziona ndekha.

Etta anali mayi wamfupi, wojintcha, wa magalasi olendewera pa kachingwe m'khosi. Sanali wolongolola. Koma akati ichi ndichita, munthu unkangodziwa kuti chichitika. Amuna ake, a Greenwell, amene ankayendetsa basi ya ku Woolwich, ankakonda kunena kuti, "Mayi awa akaluma sataya. Ine ndinasiya kalekale kulimbana nawo."

M'nyumba ya ntchitoyo munali bambo wina dzina lake Colin Pruett. Sanali wokalamba ngati anzake aja, koma njinga yamoto inamuthyola msana, ndiye ankayendera chikuku. Anali wa ndevu zotuwa, tsitsi analimanga kumbuyo ngati mchira wa bulu, ndipo chipinda chake chinali chodzaza ndi malekodi, matepi ndi zithunzi za gulu limodzi lokha la oimba lotchedwa Comet Ferry. Gululi linayamba mu 1971 ndipo linali likuimbabe. Nyimbo zake ndi zimene kuno amazitcha space rock: magitala ophokosera, ng'oma zogunda mofanana osasintha, ndi timakina tolira ngati mphepo ya m'mawaya a magetsi. Nyimbo imodzi inkatalika mpaka tiyi kuzizira m'kapu. Mawu ake, pamene amveka, anali a nyenyezi ndi maulendo a kumwezi.

Ife ogwira ntchito tinkalowa m'chipindamo mothamanga n'kutuluka mothamanga. Etta yekha ndiye ankakhalitsa, chifukwa chilonda cha pamsana pa Colin chinkafuna dzanja lodekha. Pomutsuka pamenepo ndi pamene ankamva mbiri yonse ya gululo, kufuna kapena kusafuna.

Colin ankati anthu amene anaimbapo mu Comet Ferry ndi ochuluka ngati okwera basi, ena kutsika ena kukwera, wokhalitsa ndi mwini wake yekha, Roy Tandy, wa gitala. Otsatira gululo nawonso anali ogawikana. Panali a Denny, amene ankakhulupirira kuti gululo linali gulu pamene Denny Crake ankaliza sakisofoni m'zaka zoyambirira zija. Panali a Hal, okonda zaka zimene Hal Ostler ankaimba atavala chisuti cha oyenda mumlengalenga, akulakatula ngati munthu wogwidwa mizimu. Colin anali wa Denny, ndipo a Hal ankawaona ngati ana osochera.

"Denny atachoka mu 1977, chinatsala ndi chithunzithunzi," ankatero.

"Nanga Hal atachoka anabwera ndani?" Etta anafunsa tsiku lina, akumata bandeji.

Colin anakwinya nkhope. "Zaka zimenezo sitizitchula. Roy anatenga mtsikana wina, Bridie Marsh, kuti aziimba gitala ya besi. Nyimbo zinayamba kuvinika ngati za ku disiko. Pa chimenechi chokha a Denny ndi a Hal timagwirizana: nthawi ya Bridie inali ngozi."

Patapita miyezi, m'chipindamo mutati mupakidwe penti, Colin anasankha katundu wotaya. Anapatsa Etta jumbo ya matepi. "Awa ndi a nthawi ya Bridie. Mukaponye m'bini."

Etta sankataya chinthu chimene chikugwirabe ntchito. Anaika jumboyo m'chikwama, akuganiza kuti ajambuliramo nyimbo za kwaya. Koma madzulo amenewo m'basi, basiyo itaima pamdipiti wa magalimoto ku Abbey Wood, analowetsa tepi imodzi m'kawailesi kake ka m'makutu kuti angomva zimene zilimo. Ndinali pambali pake. Ndinaona phazi lake layamba kugunda pansi. Kenako anandigwira mkono.

"Fiona, tamvera apa."

Ndinamvera. "Phokoso lokhalokha, iwe."

"Usamvere pamwambapo. Mvera pansi."

Pansi pa phokosolo panalidi kanthu kena koyenda mwakachetechete, kolemera, kosatopa.

"Bambo anga anali ndi chigayo ku Luchenza," anatero Etta. "Injini ija ikagwira bwino inkalira chonchi, ndipo amayi pamzere ankayamba kugwedeza mapewa osadziwa. Munthu akuimba apayu amadziwa kuti ntchito yake ndi kusenza anzake onsewa. Enawa akungouluka chifukwa iyeyu wawagwirira pansi."

M'mawa mwake analowa kwa Colin ndi mankhwala n'kumuuza mosapita m'mbali kuti matepi aja sanataye, ndiponso kuti iye Colin alibe makutu. Colin anatsegula pakamwa, n'kufiira nkhope yonse, n'kuyamba kukalipa. Ndinathamangira komweko poganiza kuti kwagwa zovuta. Ndinapeza bamboyo akuseka, misozi ili m'maso. Pambuyo pake anandiuza kuti chilowereni m'nyumbayo palibe amene anatsutsana naye. Onse ankangomufunsa ngati wamwa mapiritsi.

Kuyambira pamenepo awiriwo ankakangana tsiku lililonse la shifiti ya Etta. Colin ankamuliziza malekodi a Denny, Etta n'kumvera mwaulemu mpaka kumapeto, kenako n'kunena kuti bamboyo akuliza ngati mbuzi yakodwa mumpanda. Colin ankabwezera kuti besi ya Bridie ndi makina ochapira. Etta anagula malekodi ena ku msika wa zinthu zakale ku Greenwich, n'kuphunzira kusiyanitsa chaka ndi chaka pongomva kaliridwe ka ng'oma.

Kutchalitchi nkhani inafika kudzera pa chingwe choyanikira zovala. Mayi Petronella, wapampando wa amayi, atabwera kudzacheza anaona pakhonde tisheti yakuda yojambulidwa nyenyezi ya mchira ndi chimunthu cha chisoti chopanda nkhope. Lamlungu lotsatira anamuitanira Etta pambali.

"Amake Junior, tamva kuti mwayamba kumvera nyimbo za anthu aja. Zinthu zimenezija n'za Satana. Mukudziwa kuti amayi amakuyang'anani inu?"

"Mayi, nyimbo zake ndazimvera mawu ndi mawu," anayankha Etta. "Akuimba za nyenyezi. Nyenyezizo anazilenga ndani?"

"Si nkhani ya mawu okha."

"Ndiye bwerani kunyumba mudzamvere, mundionetse pamene pali choipa. Mukandionetsa ndizitaya lero lomwe."

Mayi Petronella sanabwere, komanso sanasiye kudandaula. Etta anapitiriza kuimba alito m'kwaya monga kale.

M'chaka cha 2005 Comet Ferry inabwera kudzaimba ku holo ina ku Croydon, ndipo Etta anakakamiza a Greenwell kuti amuperekeze. Pamzere wolowera anali yekha mayi wakuda pakati pa azibambo a imvi ovala zikopa. Anamulandira bwino. Koma anthu amenewa moni wawo ndi funso limodzi, loti ndiwe wa nthawi iti. Bambo wina wa chipewa chachikopa atamufunsa, Etta anayankha kuti, "Ya Bridie." Anthu anaseka poganiza kuti akucheza. Ataona kuti iye sakuseka, bambo uja anamusisita paphewa ngati wodwala.

A Greenwell anatuluka m'holomo makutu akulira. "Amake Junior, ndakuperekezani kamodzi, kwakwana. Basi yanga ikamalira chonchija ndimapita nayo ku galaja."

Chaka chotsatira kunamveka kuti gululo lichita chikondwerero cha zaka makumi atatu ndi zisanu mu Okutobala, m'holo yaikulu ya m'tauni. Oimba akale adzaitanidwa, ndipo otsatira ndiwo adzasankha pa intaneti amene akufuna kudzamuona. Colin anasangalala ngati mwana, chifukwa zinali zodziwikiratu kuti Denny apambana. Anapempha Etta kuti amuwerengere mayina a oti anthu asankhepo. Munali ngakhale munthu amene anangoimba ng'oma miyezi yochepa. Dzina la Bridie munalibe.

"Aiwala," anatero Etta.

"Sanaiwale," anatero Colin.

Etta anali asanagwirepo kompyuta kupatula ya kuntchito yolembera za mankhwala. Loweruka limenelo anapita ku laibulale ya ku Thamesmead n'kupempha mayi wa pakauntala kuti amuonetse mmene amalembera pa bwalo la pa intaneti la otsatira gululo. Analemba ndi zala ziwiri, magalasi ali pamphuno. Anati iye ndi namwino wochokera ku Malawi, Comet Ferry waidziwira ku ukulu, ndipo sakumvetsa chifukwa chimene munthu amene anasenza gulu zaka zisanu ndi chimodzi akusiyidwa ngati sanakhaleko.

Mayankho anabwera ngati njuchi. Ena ankamuseka, ena ankamulangiza malekodi oti amvere kuti achire. Wina anati mwina ndi Bridie yemweyo akudzilembera. Etta ankapita ku laibulale Loweruka lililonse n'kuyankha mmodzimmodzi, mwaulemu, osabwerera m'mbuyo. Pang'onopang'ono kunayamba kutuluka ena, makamaka amayi, onena kuti nawonso ankazikonda zaka zimenezo koma ankaopa kunena. Mmodzi wa iwo analemba kuti anamuonapo Bridie ku Ilford, akugwira ntchito m'sitolo ya makapeti.

Kuchoka ku Thamesmead kupita ku Ilford ndi ulendo wa basi, sitima, kuwoloka mtsinje, basinso. Etta anapita pa tsiku lake lopuma, ine n'kumuperekeza chifukwa ndinkafuna nsapato kumeneko. Tinalowa m'masitolo a makapeti angapo tisanapeze loyenera. Amene anatilandira anali mayi wamtali, wowonda, wa tsitsi lalifupi lotuwa, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Ndikuthandizeni? Mukufuna ya chipinda chanji?"

"Sindikufuna kapeti," anatero Etta. "Inu ndinu Bridie Marsh. Ndabwera kudzakuthokozani."

Nkhope ya mayiyo inatsekeka ngati chitseko. "Wakutumani ndani?"

"Palibe."

Etta anafotokoza za matepi, za basi, za chigayo cha bambo ake, ndi za chikondwerero. Bridie anamvera atapinda manja. Etta atatha, iye anayankha motsitsa mawu kuti makasitomala asamve.

"Mayi, mwavutika ulendo, zikomo. Koma anthu amenewo ankandigenda ndi makapu a mowa. Mumzinda uliwonse. Ankakuwa dzina la munthu amene ndinalowa m'malo mwake mpaka nyimbo kutha. Roy sanayankhulepo ngakhale kamodzi. Gitala ija ili kudenga kunyumba, chiikireni mu 1990. Ndili ndi ntchito yanga, ndili ndi mtendere. Musabwerenso."

Tili m'sitima pobwerera ndinati, "Wamva wekha. Zisiye."

"Ndamva," anatero Etta. "Koma waona mmene zala zake zimagundira pakauntala nthawi yonse imene amayankhula? Munthu amene anasiya satero."

Anabwererako patatha milungu iwiri, yekha, atanyamula mandasi m'kontena. Sanatchule za nyimbo. Anafunsa za kapeti ya pakhonde, n'kugula kachidutswa kamene sankakafuna. Ulendo wachitatu anapeza Bridie akuvutika kutsegula botolo, n'kumugwira dzanja monga namwino, kuona mfundo za zala zotupa, n'kumuonetsa mmene angazifewetsere m'madzi ofunda m'mawa. Ulendo umenewo ndi umene Bridie anamuitanira kuseri kukamwa tiyi. Anacheza za amayi ake a Bridie amene anamwalira m'nyumba ngati ya kuntchito kwathu ija, za mwana wa Etta, Junior, amene ankamva Chichewa koma n'kumayankha m'Chingerezi. Pomaliza Bridie anafunsa yekha, akuyang'ana m'kapu, "Ndi nyimbo iti imene munaimva m'basi muja?"

Nthawi yonseyi Etta ankaimbiranso foni ku ofesi ya gululo. Ankamuuza kuti adikire, kuti woyenera watuluka, kuti aimbenso mawa. Potsiriza mu Meyi bambo wina anamuyankha mosabisa kuti pulogalamu yadzaza, chisankho chatsekedwa, ndipo Roy sakufuna kudzutsa zakale.

Tsiku limenelo Etta sanadye pa buleki. M'basi sanavale zam'makutu zake. Tikudutsa Plumstead ndinamuona akupukuta magalasi kawirikawiri. Titayandikira kwathu anatembenuka.

"Fiona, phwando lija la mu Julaye, la pabwalo la kuntchito, chaka chino aimba ndani?"

"Bambo uja wa akodiyoni, monga mwa masiku onse."

"Ngati holo yawo yadzaza, ife bwalo tili nalo."

Abwana a nyumbayo anavomera, malinga zonse zithe isanakwane nthawi ya chakudya chamadzulo. Colin atamva anati, "Mubwere naye. Ndimuuze pamaso pake." Wovuta anali Bridie. Anakana, n'kukananso, kenako anati kaya, koma sangaimbe yekha popanda ng'oma. Apa ndi pamene a Greenwell anathandiza. Anali ndi mnzawo wa ku Zambia, a Fidelis, woyendetsa basi mnzawo, amene ankaimba ng'oma kutchalitchi kwathu. Mayi Petronella atamva analetsa kuti ng'oma za tchalitchi zisatuluke. A Fidelis anangoseka.

"Palibe vuto, amayi. Nili nazo zanga kunyumba. Manje nyimbo zake ni za bwanji?"

Etta anawabwereka matepi. Anabwera nawo patatha sabata akupukusa mutu. "Aba bantu ni ofunta. Koma uyu wa besi, uyu ni wathu."

Kuyeserera koyamba kunachitikira m'fulati ya Etta, Loweruka masana. Bridie anafika ndi gitala m'chikwama cha fumbi, mawaya ake atachita dzimbiri. A Greenwell anabwereka sipika kwa mnzawo. Zinayamba moipa. Zala za Bridie zinkachedwa, ankaphonya, n'kuyambiranso, n'kuphonyanso pamalo omwewo. Oyandikana nawo a pansi anayamba kugogoda denga ndi ndodo ya tsache. Bridie anavula gitala, n'kuigoneka pa sofa, n'kutenga jekete, n'kutuluka osatsanzika.

Etta anamutsatira atavala masilipasi. Ine ndinkaonera pawindo. Anamupeza pa siteji ya basi, mphepo ya kumtsinje ikuwomba. Zimene anakambirana anandiuza pambuyo pake.

"Mwaona nokha," anatero Bridie. "Munthu amene munamumva pa tepi uja kulibe. Mukufuna ndikachitenso manyazi pamaso pa anthu?"

"Ine ndinasiya kubaya jekeseni chaka chathunthu podikira mapepala," anatero Etta. "Tsiku loyamba kubayanso manja ankanjenjemera ngati wophunzira. Lachitatu lake anali atakumbukira. Manja saiwala, amangokwiya ukawasiya."

"Nanga akabwera aja okuwa?"

"Akakuwa ndiwatulutsa ndekha. Pabwalo paja ndi pa ntchito panga."

Basi inabwera, n'kuima, n'kutsegula chitseko. Bridie anaiyang'ana mpaka inanyamuka. Anabwerera onse awiri, ndipo Etta anatsikira kwa oyandikana nawo aja ndi mbale ya mandasi kukapempha ola limodzi Loweruka lililonse mpaka Julaye.

Etta analengeza za phwandolo pa intaneti paja. Sitinkayembekezera kuti kubwera anthu. Koma tsikulo, dzuwa likuwala mwa apo ndi apo, tinaona azibambo ndi azimayi a matisheti akuda akulowa pageti mmodzimmodzi, ena atachokera kutali ndi sitima. Anakhala pa mipando ya pulasitiki pakati pa agogo athu ofunda mabulangete m'miyendo. Pa tebulo la makeke mkangano unali utabuka kale pakati pa wa Denny ndi wa Hal, aliyense kapu ya tiyi ili m'manja. Bambo wa chipewa chachikopa wa ku Croydon uja analiponso, ataima kumbuyo atapinda manja.

Bambo wa akodiyoni atamaliza, Bridie anatuluka. Panalibe nsanja, panali kapeti imene anabwera nayo yekha kuchokera kusitolo, atayala pa udzu. Sanayang'ane anthu. A Fidelis anagunda timitengo, n'kuyamba.

Nyimbo yoyamba inali yomangika. Anaphonya kawiri, ndipo ndinaona Etta atagwira chikuku cha Colin mwamphamvu mpaka mitsempha kuoneka. Palibe amene anakuwa. Gogo wina, mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi anayi, anachotsa kamakina kake kothandiza kumva n'kukaika m'thumba, n'kupitiriza kudya keke.

Pa nyimbo yachiwiri a Fidelis anasintha kagundidwe pang'ono, n'kulowetsamo kakudumpha ka kwawo. Bridie anadzutsa mutu n'kuwayang'ana, n'kuwatsatira. Pamenepo ndi pamene chinthu chija chinagwira. Popanda magitala ndi timakina pamwamba, besi inamveka yokha, yolemera, ikuzungulira pamalo amodzi koma osatopetsa, mpaka makapu pa tebulo kuyamba kunjenjemera. Mapazi a anthu anayamba kugunda pa udzu. Mayi wina wa tisheti yakuda anaimirira n'kuyamba kuvina atatsinzina, wina n'kumutsatira. A Greenwell, amene anati abwera kudzangonyamula sipika, ndinawaona akugwedeza mapewa pafupi ndi mpanda. Nyimboyo inatalika mpaka abwana anayamba kuyang'ana wotchi, koma sanaidule.

Atamaliza anthu anaomba m'manja nthawi yaitali. Bridie anangogwedeza mutu, n'kuyamba kukulunga waya. Bambo wa chipewa uja sanaombe, koma sanachokenso. Etta anakankha chikuku cha Colin mpaka pa kapeti.

"Uyu ndi Colin," anatero. "Ndi amene anandipatsa matepi anu kuti ndikataye."

Colin anayang'ana mayiyo kuchokera pansi. "Denny anali woposa nonsenu," anatero. "Pamenepo sindisintha. Koma nyimbo yachiwiri ija, bwanji simunkaiimba chonchi nthawi ija?"

"Ndinkaiimba chonchi," anatero Bridie. "Munkakuwa, ndiye simunkamva."

Colin anapempha Etta kuti abweretse tiyi wa anthu awiri, ndipo iye ndi Bridie anakhala pamthunzi mpaka nthawi ya chakudya, akukangana za woimba ng'oma wina wa mu 1986.

Mu Okutobala chikondwerero chija chinachitika monga anakonzera. Bridie sanapite, ndipo dzina lake silinatchulidwe. Etta anapita, chifukwa panalibe wina woti akankhe chikuku cha Colin m'masitima. Denny Crake anatuluka ndi ndodo, nkhalamba yopuma movutika, n'kuliza sakisofoni yake nyimbo zitatu. Colin analira ngati pamaliro. Etta anandiuza m'mawa mwake kuti nkhalambayo imatha ndithu, mbuzi ija inali itamasuka mumpanda. "Koma wa besi amene ali naye panopa ndi mwana," anawonjezera. "Amathamanga."

Bridie sanabwerere ku Comet Ferry, ndipo makapeti sanasiye. Koma iye ndi a Fidelis anapitiriza. Anapeza mnyamata wa gitala wa ku Romford, n'kumaimba Lamlungu limodzi pa mwezi, masana, m'chipinda cha kuseri kwa malo ena omwera ku Ilford. Etta ankapita akaweruka kutchalitchi, atavala chitenje chake, n'kukhala kutsogolo ndi kapu ya madzi a malalanje. Pa bwalo la intaneti paja panabadwa kagulu kachitatu, kochepa koma kaphokoso, ndipo wofunsa kuti ndiwe wa nthawi iti anayamba kumayembekezera mayankho atatu.

Colin anamwalira ndi chibayo m'nyengo yozizira ya 2008. Pamaliro ake analiza Denny kuyambira poyamba mpaka pomaliza, monga anasiyira mawu. Bridie anabwera, n'kukhala pambali pa Etta.

Chaka chotsatira Etta anapeza nkhondo ina. Kampani imene inali ndi nyimbo zakale za gululo inatulutsanso malekodi a Denny ndi a Hal pa masidi, koma a zaka za Bridie ayi. Anati sangagulidwe. Etta anafufuza nambala yawo. Tsiku lina pa buleki ndinamupeza m'kachipinda kathu kodyera, foni ataipanikiza ndi phewa, dzanja lina likusenda nthochi.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti woyenera ali mu mitingi."

"Si zomwe ananena sabata yatha?"

"Sabata yatha anali ku holide." Analuma nthochi. Mu foni munamveka mawu a mtsikana, ndipo Etta anawongoka pampando. "Ee, ndine Mrs Chitsulo yemwe uja. Ayi, musavutike ndi kundiimbira. Ndili pa buleki, ndidikira pomwe pano."